Njinga ya Ababa Yagula Masamba 58

Mametikali 2,500 kugula kabuku ka masamba 58. Ndawerenga masambawo katatu, ndimati mwina ena amatirirana. Sadamatirirane. Ndi 58 basi, kuphatikizapo tsamba lomwe pali chithunzi cha mwini wake atagwira chibwano ngati munthu woganiza zakuya.

Ndikunena buku la nthano la wolemba uja amadzitcha Msodzamitambo, lomwe likugulitsidwa pa papelariya ina, sitolo ya mabuku ndi zolembera, pa Ulongwe. Papelariyayo sindiitchula dzina. Amene mudalipirako mukuidziwa. Amene simudalipire, khalani pansi muwerenge kaye izi ndalama zikadali m'thumba mwanu.

Ine ndine Lusiya. Ndimasoka zovala kuno ku Lifidzi, makina anga ali pakhonde. Ndimakhala ndi ababa. Maso awo adafa zaka zinayi zapitazo chifukwa cha shuga. Kale adali munthu wa mabuku. Kuwerenga Chinyanja adakuzolowera tili ku Malawi pothawa nkhondo, ndipo ndi iwo adandiphunzitsa ine, akulemba zilembo pansi ndi kamtengo. Lero zidatembenuka, ine ndiye ndimawawerengera. Koma kuwerenga chiyani? Za m'chilankhulo chathu zomwe zimafika kuno ndi buku la nyimbo za kutchalitchi ndi timapepala ta kuchipatala. Kapepala kophunzitsa kusamba m'manja ababa adakaloweza konse pamtima.

Ndiye tsiku lomwe mnzanga adandilowetsa m'gulu la pa foni, momwe Msodzamitambo ankatumiza nthano Loweruka lililonse, pakhomo pathu padagwa mvula. Ndinene zoona, munthuyu kulemba amatha. Nthano yake yaikulu ndi ya Nasimango, mwana wamkazi wa munthu wosula makasu. Mlongo wake adatengedwa ndi anthu a nkhungu, omwe amakhala mkati mwa phiri ndipo amatsika m'mawa kukazizira. Nasimango adasula belu lachitsulo nkulowa m'phirimo kukamufuna. Mkatimo muli zitseko zisanu ndi ziwiri, ndipo pa chitseko chilichonse munthu amasiyapo kanthu kake. Pena adasiya tsitsi. Pena adasiya dzina. Pena adasiya kukoma kwa mchere m'kamwa.

Loweruka masana ndinkaimika makina, ababa nkukhala pampando wawo, ine nkumawerenga pa foni. Zaka ziwiri tikuchita zimenezi. Ababa ankandidula mawu kuti akangane ndi Nasimango ngati ali pabwalo pomwepo. "Usapereke dzina, mwana iwe. Kwanu akakuitana kuti chiyani?"

Pali china chomwe ambiri simudziwa. Ababa adali ndi mng'ono wawo, a Tomasi. Pothawa nkhondo adasiyana panjira, m'mawa wina wa nkhungu, asanafike malire. Mpaka lero palibe adaona munthuyo kapena manda ake. Ababa sadandiuzepo kuti nthanoyi imawakumbutsa zimenezo, inenso sindidawafunse. Koma nkhope ya bambo ako suiphunzira kusikola.

Nasimango atafika pa chitseko chomaliza, dzanja lili kale pachitsekopo, nthano idaima. Loweruka lotsatira kudabwera uthenga m'malo mwa nthano. Akuti mathero sabwera pa foni. Akuti atuluka m'buku. Akuti mudzakhala nthano khumi ndi ziwiri, zonse zatsopano, mathero a Nasimango ali momwemo, ndipo mafunso athu onse adzayankhidwa. Uthengawo ndikadali nawo. Mtengo 2,500, kulipiriratu pa papelariya, buku kudzalandira pakatha masabata atatu.

Ndidaseka. Ndidati, "Ababa, ndalama imeneyi ndisoke madiresi angati? Tidikire, wina akagula adzatiuza."

Ababa amawerengabe ndalama mwakale, za nthawi ija metikali imodzi ya lero idali chikwi. Adati, "Mamiliyoni awiri ndi theka. Nzambiri ndithu." Sadaonjezerepo. Ine ndidati nkhani yatha.

Sabata yotsatira ndidapita kumaliro kumudzi wina. Pobwera ndidapeza pakhoma pomwe pamatsamira njinga pali mbee. Njinga yakuda ija adabwera nayo kuchokera ku Dedza pobwerera kwathu, itanyamula ine ndi mtolo wa zofunda, amai malemu akuyenda pambuyo. Chifereni maso sadaikwere, koma ankaipukutabe ndi kupapasa matayala ngati mawa ali ndi ulendo. Adaigulitsa kwa bambo wina wogula nyemba. Ndalama adazimanga pa kansalu. Adandiika m'manja nati, "Njinga yopanda woikwera ndi chitsulo chabe. Pita ukalipire, mwanawe. Ndimve ndikadali ndi makutu."

Mukadakhala inu mukadawakanira?

Lidali Lachiwiri, mvula ikugwabe. Ndidakwera shapa, minibasi zathu zija, mpaka pa Ulongwe. Pa papelariyapo ndidapeza mtsikana wogulitsa, maso ali pa foni. Adalandira ndalama, adaziwerenga, adalemba lesibu la malipiro osandiyang'ana ngakhale kamodzi. Adati, "Masabata atatu, mana," kunditchula achemwali mwa Chipwitikizi. Ndidamupatsa nambala yanga kuti zikasintha andiimbire. Adailemba pachikhatho.

Masabata atatu adakwana. Ndidatseka makina, ndidakwera shapa, 80 kupita 80 kubwera. Ndidafika 9 ora. Pachitseko padalembedwa kuti amatsegula 8 ora, koma adatsegula itadutsa 10. Mtsikana uja adati mabuku akadali ku Maputu. Ndidati bwanji simudandiimbire. Adati alibe kiredito. Ndidafunsa kuti nambala yanga ali nayo. Adayang'ana chikhatho chake ngati nambalayo ikadakhalapo mpaka tsikulo.

Ulendo wachitatu adati mabuku adanyamuka, koma galimoto idafera ku Muatizi. Ndidafunsa kuti ifika liti. Adati, "Ine ndine makaniko, mana?"

Ulendo wachinayi mabuku adalipo. Ndidaliona ndi maso anga katoni, kudzera pa zenera la chipinda chakumbuyo. Koma akuti kiyi ali ndi apatarau, mwini papelariya, ndipo apatarau apita ku Tete. Abwera liti? Akafuna. Palibe kiyi wina? Ulipo, koma ali ndi akazi awo. Akazi awo ali kuti? Apita nawo. Nasimango adadutsa zitseko zisanu ndi chimodzi m'phiri la mizimu, ine chitseko chimodzi cha pulanga chidandikanika.

Ndipo ulendo uliwonse ndikamafika pakhomo, ababa amakhala atamva kale mapazi anga. Amatambasula manja onse awiri. "Wabwera nalo?" Ine nkumati, "Akuti sabata yamawa." Iwo nkubweza manja pamaondo. Katatu konse ndidaona manja amenewo akubwerera opanda kanthu.

Ulendo wachisanu kudali kutayamba kuzizira, chimanga chili m'nkhokwe. Masabata atatu aja adali atasanduka miyezi itatu. Mtsikana adatulutsa kaphukusi kokulungidwa mu pulasitiki yakuda, nkuikapo dzanja pamwamba. Adati ndionjezere 200 ya mayendedwe a buku.

Ndidati, "Pa lesibu sipadalembedwe zimenezo."

Adati, "Sipadalembedwenso kuti buku lidzabwera lokha ndi miyendo."

Ndidayang'ana kaphukusiko, ndidaganiza za manja aja, ndidapereka 200. Nditafuna kumasula pulasitiki adandiletsa. Akuti ndikatsegula salandiranso. Ndidafunsa kuti nanga ndikapanda kutsegula alandira. Adati ayi. Ndiye kusiyana kwake nkotani? Adati kumbuyo kwanga kuli anthu. Kumbuyo kwanga kudalibe munthu.

Ndidatsegulira mu shapa. Poyamba ndidaganiza kuti andipatsa kabuku kotsatsa malonda, buku lenileni aiwala. Kabuku kake nkopyapyala kuposa kaderno yolembamo mwana wa kalasi yoyamba. Zilembo zake nzazikulu ngati za pa chikwangwani cha chigayo, kuti masamba achuluke. Masamba asanu ndi atatu oyamba ndi othokoza. Akuthokoza amalume ake, aphunzitsi ake, wojambula chithunzi, ngakhale mnzake amene adamubwereka kazako, jekete lomwe wavala pachithunzipo. Ife amene tidalipiriratu kuti bukulo lisindikizidwe, dzina lathu mulibe.

Nthano si khumi ndi ziwiri. Ndi zisanu ndi ziwiri. Mwa zimenezo, zisanu ndi zomwe zija tidawerenga pa foni ulere. Sadasinthe kanthu, ngakhale pomwe adalakwitsa. Chaka chatha adalemba kuti chisteko m'malo mwa chitseko, ine ndi ababa tidaseka. Chisteko chomwecho ndachigula ndi njinga. Nthano yachisanu ndi chimodzi ndi yatsopanodi, ya khasu lolankhula lomwe limadandaula dzimbiri. Masamba anayi. Khasulo palibe adalifunsa.

Ndidathamangira yomaliza, mtima uli m'mwamba. Masamba asanu ndi limodzi. Nasimango akankha chitseko. Mkati muli nkhungu. Ayenda, ayenda, aliza belu. Amva mawu patali ngati a mlongo wake. Athamanga. Nkhungu ichoka. Patsogolo pake pali chitseko china. Chachisanu ndi chitatu. Zaka ziwiri tikuuzidwa kuti zitseko nzisanu ndi ziwiri, chachisanu ndi chitatu chamangidwa liti? Pansi pake padalembedwa kuti zotsatira zili m'buku lachiwiri, lipiriranitu 3,000.

Mai amene ndidakhala naye pampando adandifunsa ngati ndalandira uthenga wa maliro.

Nditafika ndidapeza ababa atasamba, atavala kazako wawo wa ku Misa, pakati pa sabata. Adatambasula manja, ulendo uno ndidaikapo buku. Adalikweza, adalitsitsa, adalipapasa m'mbali. Adati, "Lopepuka." Kenaka adadziyankha okha, "Mwina mapepala a masiku ano ngopyapyala."

Sindidafune kuwazunguza. Ndidapita pa nthano yomaliza ndi kuwerenga. Pomwe mawu a mlongo adamveka, ababa adagwira mpando ndi manja onse. Nditafika pa chitseko chatsopanocho ndidalekeza kuwerenga.

"Pitiriza."

"Zathera pomwepa, ababa."

"Tembenuza tsamba."

"Kuseri kuli mtengo wa buku lachiwiri."

Kenaka adati, "Lusiya, ngati Nasimango wamupeza mlongo wakeyo atafa, undiuze. Ine si mwana. Ndaika anthu ambiri m'manda."

Ndidati sindikubisa kanthu.

"Munthu sangalandire mamiliyoni awiri ndi theka nkusalemba mathero. Dziko silidafike pamenepo. Wadumpha masamba iwe, ukundimvera chisoni."

Zaka zinayi ndakhala maso a bambo anga. Ndimawauza mtundu wa thambo, ndimawauza amene akubwera panjira, ndimawawerengera mapiritsi. Sadayambe andikayikira. Tsiku limenelo adalanda buku m'manja mwanga nkuliika m'thumba lamkati la kazako.

Lamulungu, Misa itatha, ndidawagwira mkono kuti tizipita. Adati nditsogole, akufuna acheze ndi a Zakariya, akatekisita athu. Madzulo a Zakariya adabwera nawo okha mpaka pakhomo. Atawakhazika, adandikodola kuti tipite kuseri kwa nyumba. Adati, "Mwana wanga, usakhumudwe. Bambo ako adandipempha ndiwawerengere nthano yomaliza. Nditamaliza adati ndiwerenge manambala a masamba limodzi limodzi, ndione ngati palibe long'ambidwa. Ndawauza kuti onse alipo, ndipo iwe udawerenga zonse."

Ndidafunsa kuti iwo adati chiyani.

"Adati zikomo. Kenaka adandifunsa ngati ndikudziwa wolembayo, ngati ndi munthu wa kuno kwathu. Nditati inde, ndi mwana wa kuno kumapiri, adangoweramitsa mutu."

Ababa sadapepese ndi pakamwa, ndipo sindidayembekeze kuti atero. Adandibwezera bukulo nati, "Uliike pabwino, ndi lodula." Loweruka masana ndidaimika makina mwachizolowezi. Adati, "Soka, mwanawe, usataye nthawi."

Apa mpomwe ndidapsa mtima. Lolemba ndidabwerera pa Ulongwe, ulendo wachisanu ndi chimodzi, ndi buku, lesibu ndi uthenga uja pa foni. Mwamwayi apatarau adalipo, atakhala kuseri kwa tebulo akudya chinangwa chokazinga. Ndidapereka moni mwaulemu. Ndidawaonetsa uthenga: nthano khumi ndi ziwiri, zonse zatsopano, ndi mathero. Ndidawaonetsa buku. Ndidati ndikufuna ndalama za bambo anga.

Adapukuta zala pa thalauza, adatenga bukulo, adaliyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo ngati akuliona koyamba. Adati, "Amai, mwatsegula."

Ndidati, "Buku limawerengedwa bwanji losatsegula?"

Adati iwo amangogulitsa. Akuti amene amagulitsa mafuta ophikira safunsidwa ngati ndiwo zakoma. Ndidati mafuta akalembedwa kuti lita imodzi, inu nkupeza theka, mungakhale chete? Adati zimenezo ndikafunse mwini mafuta. Ndidafunsa za 200 ya mayendedwe, yomwe idalowa m'thumba la papelariya osati la wolemba. Adati galimoto simamwa madzi. Ndidafunsa ngati bukulo adaliwerengako. Adaseka. Adati iwo nthano adasiya ali mwana.

Kenaka adati poti ndine kasitomala wabwino, andichitira chifundo. Ndikalipiriratu buku lachiwiri lero lomwe, andichotsera 100. Ndilipire 2,900 yokha. Adanena akumwetulira, ngati munthu amene wakupatsa mbuzi.

Ndidawauza za njinga. Sindidafune, koma zidangotuluka. Ndidawauza kuti mwini ndalamazi ndi nkhalamba yosaona, yomwe idagulitsa chinthu chomaliza chomwe idabwera nacho kuchokera kothawira nkhondo. Adandimvetsera mpaka kumapeto, nati, "Pepani kwambiri. Koma njingayo sindidaigule ndine." Adandibwezera buku, pachikuto pali mafuta a chinangwa.

Ndidatuluka ndi kukhala pa khonde la sitolo ina. Pomwepo ndidalembera Msodzamitambo pa nambala yake. Sindidatukwane. Ndidamutchula kuti akulu. Ndidamuthokoza chifukwa cha zaka ziwiri za nthano zaulere. Ndidamufotokozera za ababa. Ndidati ngati ndalama sizingabwerere, chonde angotitumizira mathero pa foni, sitionetsa munthu aliyense, ndilumbira pamaso pa akatekisita.

Adawerenga nthawi yomweyo. Adayankha patapita masiku anayi, ndi uthenga wa mawu. Adati wamva chisoni ndi za madala. Adati koma luso lilibe mtengo, ndipo anthu a kwathu vuto lathu nkuzolowera zaulere. Adati nthano ndi mtsinje, mwini wake saulamula pomwe uthere. Akuti chitseko chachisanu ndi chitatu chidamubwerera m'maloto, iyenso chidamudabwitsa. Pomaliza adati amene akuona kuti 2,500 yachuluka akhoza kumawerenga zolemba za pa thumba la feteleza, nzaulere.

Chidamudabwitsa. Koma mtengo wa 3,000 sudamudabwitse, udabwera m'maloto momwemo utalembedwa kale.

Ndidapita m'gulu lija la pa foni ndi kulemba zomwe zili m'bukumo, tsamba ndi tsamba, osaonjezera bodza. Awiri adayankha kuti nawonso zawawawa. Mmodzi, mphunzitsi wa ku Fonte Boa, adati adabwereka ndalamazo. Koma ambiri adandigwera ngati njuchi. Akuti ndili ndi nsanje. Akuti ndilembe langa tione. Akuti mabuku a Chipwitikizi timagula modula osadandaula, koma wathu akayesa timamukokera pansi. Wina adandifunsa ngati ndikufuna Chinyanja chife. Isanathe ora ndidaona kuti ndachotsedwa m'gulu, ndipo nambala ya Msodzamitambo siindilandiranso.

Funso la Chinyanja lija landikhala pamtima, chifukwa mpomwe andigwira. Ndikudziwa kuti kusindikiza buku nkodula. Ndikudziwa kuti wolemba naye amadya. Akadanena kuti abale anga, kabuku nkakang'ono, nthano zambiri nzakale, mathero mulibe, koma ndithandizeni, mwina tikadasonkha zomwe tingathe, ndipo njinga ikadakhala pakhoma. Ine ndimasoka. Munthu akandilipira diresi, ine nkumupatsa mkono umodzi ndi kolala, nkumuuza kuti mkono winawo uli m'diresi lachiwiri, mungati ndikukweza luso la kwathu?

Koma ndikadandaule kuti? Ndikanene kuti andibera chiyani? Buku ndili nalo. Lesibu ndili nalo. Munthu akandifunsa chomwe chasowa, ndiziti mathero? Adzandiseka mpaka pamsika. Ndipo chondiwawa koposa nchakuti wina wolemba zoterezi m'chilankhulo chomwe ababa amamva ndi mtima wonse sindikumudziwa. Ndikadakhala ndi kwina kopita, bwenzi nditangotembenuka. Palibe. Msodzamitambo akudziwa kuti palibe. Nchifukwa chake chitseko chachisanu ndi chitatu chidamangidwa, ndipo musadabwe chikadzabwera chachisanu ndi chinayi.

Ndidayesa kupeka ndekha mathero kuti ndiwauze ababa ngati ndamva kwa wina. Ndidayamba ndili pamakina, ndidafika pomwe Nasimango agwira dzanja la mlongo wake, ndidasiya. Munthu adapita kale kwa akatekisita kukandiyesa ndikunena zoona. Ndikadzawanamiza nkudziwika, adzakhulupiriranso chiyani chotuluka m'kamwa mwanga? Mapiritsi awo ndimawerenga ndine.

Tsono inu a Msodzamitambo, ndikudziwa kuti izi zikufikani, anthu anu aja ndi achangu. Ndiyankheni poyera. Nthano zisanu zomwe zikusowa pa khumi ndi ziwiri zili kuti? Mawu akuti zonse zatsopano mumatanthauza chiyani? Mathero mudalonjeza aja mudawalemba, kapena inunso simudziwa chomwe chili kuseri kwa chitseko? Ngati simudziwa, nenani, si mlandu kusadziwa. Mlandu ndi kugulitsa chomwe mulibe. Nanu apatarau, 200 ya mayendedwe mudatenga kwa anthu angati, ndipo idalembedwa pati?

Kwa enanu, ndapota nanu. Musalipiriretu. Buku lachiwirilo likadzafika, muuzeni wogulitsa alitsegule pamaso panu. Werengani masamba. Yang'anani tsamba lomaliza musanatulutse ndalama. Ngati muli ndi makolo amene amakonda nthanozi, musawauze mtengo, chifukwa simudziwa chomwe angagulitse inu mutachoka pakhomo. Amene akufuna kuona buku loyambalo abwere ku Lifidzi, afunse kwa Lusiya wosoka. Mudzawerenga ulere, mudzamaliza tiyi asanazizire.

Dzulo ndikusita nsalu, ababa adandiitana. Adali atafukata wailesi yawo pamiyendo, atachotsa mabatire, ataipukuta bwinobwino. Adati, "Loweruka ukapita kumsika utenge iyi. Ufunse kuti angapereke zingati."

Ndidati, "Ababa, mukatero muzimva chiyani?"

Adati, "Ya masiku ano imangolankhula za mitengo ya zinthu. Ufunse chabe, sindidati ugulitse."

Ndikuwadziwa. Za njinga sadandifunse nkomwe, ulendo uno akundifunsa chifukwa wogula wailesi sadutsa pakhomo. Ndikakana, adzati ndikuwamana chinthu chimodzi chomwe akudikira padziko. Ndikavomera, ndikhala ndanyamula ndekha wailesi ya bambo anga kukapereka kwa munthu amene adatiuza kuti tiziwerenga thumba la feteleza.

Lero ndi Lachinayi. Wailesi ili patebulo, yokulungidwa kale mu nsalu ya kapulana. Amene muli ndi nzeru ndiuzeni chokawayankha, chifukwa ine zandithera.